Mutu 5: Chinangwa cha mu Mgolo wa Mayi Dafrosa

1. Mwendo wa kwathu

Ine Harrison ndayenda. Ndagulitsapo usipa ku Lubumbashi, ndagonapo pamwamba pa matumba a mchere ku Beira, ndipo ku Dar es Salaam kuli misewu imene ndingayendemo nditatsinzina. Kuno ku Mbamba Bay, tsidya lino la nyanja kumene amalankhula Chiswahili, ndinafika ndi chikwama chong'ambika. Lero ndili ndi nyumba ya alendo, galimoto yopititsa nsomba ku Mbinga ndi ku Songea, komanso mimba yooneka bwino imene ndinaimanga ndekha. Tsono ndikanena kuti mnyamata uyu amavina, musanditsutse. Ovina ndawaona ambiri.

Mnyamatayo ndi Isaya, mwana wa mlongo wanga, wa zaka makumi awiri. Ndinamuitana kuchokera kwathu ku Ntchisi kuti adzandithandize ntchito. Koma atangomva ng'oma ya mganda ikulira kuseri kwa msika, miyendo inayamba kumuyabwa. Kwathunso timavina mganda, ndipo mwendo umenewo anatengera ine malume wake.

Gulu la mganda kuno amalitcha boma, ndipo mtsogoleri wake amati kingi. Kingi wa boma la m'dera lathu ndi bambo Castory, munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda malamulo kuposa chakudya. Atamuona Isaya akuponya mwendo, anamuika kutsogolo kwa mzere. Mlendo, wobwera dzulodzuloli! Malowo anali a Paschal, mnyamata woyendetsa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, amene anatsogolera kwa nthawi yaitali. Loweruka boma linali kupita ku Lipingo kukapikisana, ndipo woyamba kulowa m'bwalo anali woti akhale mphwanga.

Koma bambo Castory anali ndi lamulo limene ankalibwereza tsiku lililonse.

"Wa m'boma langa satola cha mwini," ankatero. "Tikapita kwa eni timagona m'nyumba zawo, timadya m'mbale zawo. Amatisiyira zitseko zosatseka chifukwa amatikhulupirira. Ndikadzamva kuti wina wagwira ngakhale ndimu ya munthu osapempha, ameneyo achoke, akavine ndi mbuzi."

2. Njala ya wovina

Lolemba m'mawa anyamata anayeserera kuvina pabwalo la kuseri kwa nyumba ya bambo Castory mpaka dzuwa linatentha. Isaya anali atachoka kunyumba osalawa kanthu. Tiyi ndi mandasi anazisiya patebulo, akuti wovina amafunika kukhala wopepuka.

Anzake atabalalika, iye anatsalira akumanga nsapato. M'mimba munali kulira.

Pafupi ndi khitchini panali mgolo wabuluu. Anasuzumiramo. Munali chinangwa chosenda kale, choyera mbee, chili m'madzi. Mayi Dafrosa, akazi a bambo Castory, anali atachinyika dzulo lake kuti adzasinje ufa wa kondowole.

Pano ndiime pang'ono ndikuphunzitseni, poti ine zakudya za m'mayiko ndimazidziwa. Kwathu ku Ntchisi chinangwa chimene timachizolowera ndi cha manyokola, chozuna, chimene mwana amazula n'kumatafuna popita kusukulu. Cha kuno kunyanja n'china. Chambiri n'chowawa, ndipo kuwawako ndi poizoni. Amachinyika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, amachitsuka, amachiyanika padzuwa, kenako ndiye chimasanduka chakudya. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi asanadziwe kulemba dzina lake. Isaya sankadziwa.

Anayang'ana uku ndi uku. Pakhomo panalibe munthu. Anapisa dzanja n'kuvuula zikuluzikulu zingapo. Choyamba chinamuwawa kukhosi.

"Mwina ndi madziwa," anatero, n'kupitiriza.

Njala ilibe lilime. Anamaliza zonse, anapukuta pakamwa, n'kuuyamba ulendo akuimba mluzu.

3. Katundu wa pa bodaboda

Masana ndinali pakhonde la nyumba yanga ya alendo, ndikufotokozera mlendo wina mmene ndinawolokera Zambezi madzi atadzaza. Ndinamva bodaboda ikubwera pang'onopang'ono. Ndinadabwa, chifukwa Paschal sadziwa kuyendetsa pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunali Isaya, mutu atautsamiritsa pamsana pa mnzakeyo.

"Shikamoo, mzee Harrison," anatero Paschal, kundipatsa moni wa kuno wolonjerera akuluakulu. "Ndabweretsa katundu wanu. Ndamupeza m'mbali mwa msewu akuvina gule watsopano, wogwira pamimba. Kodi kwanu ku Malawi mumavina chonchi?"

"Marahaba," ndinavomera moniwo. "Iwe Isaya, n'chiyani?"

"Palibe, amalume. M'mimba pang'ono chabe."

"Pang'ono!" anatero Paschal. "Wasanza njira yonse, nsapato yangayi ndi mboni."

Isaya anatsika, koma nthaka inamuthawa. Anagwira mzati wa khonde. Thukuta linali chuchuchu. Anati mutu ukuwawa, zinthu zikuzungulira, ndipo m'mimba mukupota ngati wina akufinya chovala. Asanamalize kufotokoza anathamangira kuchimbudzi.

Atabwerako anandinong'oneza. "Amalume, tumani munthu kusitolo akagule makapisozi aja a mitundu iwiri. Ndikameza ndi soda ndikhala bwino. Chonde bambo Castory asamve."

Ndinamukhazika pampando.

"Tamvera, mphwanga. Ine ndadwalapo m'mimba m'mayiko ambiri kuposa amene iwe ungawatchule. M'mimba si matenda amodzi ayi. Ndi khomo limene alendo osiyanasiyana amagogodapo. Mwina wamwa madzi osawiritsa. Mwina wadya nsomba yogona imene ntchentche zachitirapo msonkhano. Mwina wadya osasamba m'manja. Mwina ndi njoka za m'mimba, mwina ndi zilonda, mwinanso ndi mantha chabe a Loweruka, poti mantha nawo amatsegula m'mimba. Tsono kapisozi wakoyo adziwa bwanji mlendo amene wagogoda? Ku Lubumbashi ndinali ndi mnzanga, dalaivala wamphamvu ngati ng'ombe yapagoli. Ankangomeza makapisozi a m'sitolo, ululu akuubisa. Tsiku limene tinamunyamula, madokotala anati thumbo laphulika. Anapulumuka, koma ali ndi chipsera chotalika ngati msewu wa ku Songea. M'nyumba ya Harrison munthu samwa mankhwala ongoganizira. Wadya chiyani lero?"

"Palibe, amalume."

Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ana pansi. Ndinatenga makiyi a galimoto.

Tili m'njira anayesanso. "Amalume, bwanji tikangonena kuti ndi malungo?"

"Ukanene wekha," ndinatero. "Ine pakamwa pangapa ndimagulitsira nsomba, sindigulitsira bodza."

4. Funso la anesi

Ku zahanati, chipatala chaching'ono cha kuno, tinapeza anesi, a Dativa. Paschal anatitsatira pa bodaboda yake, akuti akufuna aone ngati malo ake akubwerera lero kapena mawa. Chiswahili cha Isaya chikadali cha pamsika, choncho ine ndinakhala womasulira. Ntchito imeneyi ndimaitha. Padoko la Beira ndinamasulirapo pakati pa Mchaina ndi Mkongo, onse anachoka akuseka.

Anesi anamuyeza kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima. Anamutsina khungu la padzanja kuti aone ngati madzi atha m'thupi. Anamudina pamimba mbali zonse. Anafunsa ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati n'chamadzi ngati otsukira mpunga, ngati ululu wakhazikika kumunsi chakumanja, ndiponso ngati kunyumba kuli wina wodwala. Zonsezo yankho linali ayi.

"Wadya chiyani kuyambira dzulo?"

Ndinamasulira.

"Palibe chachilendo," anatero Isaya.

Anesi anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana.

"Mzee, mumuuze chonchi, ndipo musachotsepo mawu. Ine si wapolisi, sindinenso wansembe. Sindikufunsa kuti ndimuweruze. Koma kusanza kotere, chizungulire chotere ndi mutu wotere, thupi lisakutentha, zikundiuza kuti chilipo chimene chalowa pakamwa. Ndikachidziwa, ndidziwa chochita, ndidziwanso choyang'anira. Ndikapanda kuchidziwa ndiyamba kusaka malungo, ndisake njoka, ndisake zina, nthawi ikupita, chimene chili m'katimo chikugwira ntchito yake. Achinyamata ambiri amatipeza mochedwa chifukwa cha manyazi. Manyazi sanachizepo munthu. Ndipo ngati anadya ndi anzake, anzakewo ali kuti panopa?"

Ndinamasulira zonse, n'kuthirako mchere wanga pang'ono.

Isaya anayang'ana pakhomo pamene panaima Paschal. Chilankhulo cha kuno kunyanja n'chapachibale ndi chathu, ndipo Paschal amamva Chichewa bwinobwino. Akanangomva iyeyo, dzuwa lisanapendeke boma lonse likanadziwa kuti wotsogolera mzere watola cha mwini, pakhomo pa kingi penipeni.

"Ndimutulutse?" ndinafunsa.

Isaya anapukusa mutu. "Msiyeni, amalume. Ndi amene wanditola pamsewu." Anatembenukira kwa anesi. "Ndadya chinangwa. Chachiwisi. Cha mu mgolo wa Mayi Dafrosa. Ndinali ndekha, ndipo sindinapemphe."

Paschal anagwira pamutu. "Cha mu mgolo! Kaka, m'bale wanga, chimene chija ngakhale nkhumba ya kwathu imachinunkhiza n'kubwerera!"

Nditangomasulira, anesi anadzuka msangamsanga. "Chinanyikidwa liti?"

"Dzulo," anayankha Paschal. "Ndinawaona akusenda."

"Ndiye mwachita bwino kuthamanga naye. Poizoni wa chinangwa chowawa si wosewera naye. Amatha kupha, makamaka munthu akadya chambiri m'mimba mulibe kanthu."

Anamugoneka pabedi n'kumuika dripi. Anati agone komweko kuti amuyang'anire, ndipo kupuma kukayamba kuvuta kapena akayamba kukomoka, amuthamangitsira kuchipatala chachikulu.

"Galimoto ilipo," ndinatero. "Mafuta ali odzaza. Ikafuna imafika ku Mbinga munthu asanamalize kuyasamula."

"Ikhale pafupi, mzee," anatero anesi. Pamenepo ndinakhala pansi pafupi ndi bedi lake, osasunthapo usiku wonse. Amene amandidziwa akuuzani kuti zimenezo sizichitika kawirikawiri.

5. Makutu odzaza mphepo

Kupuma sikunavute. Magazi a kwathu ndi olimba, komanso tinafika msanga. Kutacha, Isaya anadzuka maso atalowa m'kati, miyendo ili lendelende, koma chizungulire chitatha.

Anesi anatipatsa timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi owiritsa.

"Azimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi," anatero. "Chimene chimagwetsa munthu wosanza ndi wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Asadzimane chakudya. Ayambe ndi phala lamadzimadzi, nthochi yakupsa, mpunga. Zokazinga, tsabola ndi soda aziiwale kaye. Azisamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndiponso asanadye. Akayambanso kusanza, thupi likatentha, mkodzo ukasowa, kapena akaona magazi, musadikire kuti muone mawa. Bwererani naye. Ndipo apume. Wamva, iwe wovina?"

"Ndamva, anesi. Asante," anathokoza Isaya.

Panja tinapeza Paschal atakhala pa bodaboda yake akudya nthochi.

"Kaka," anatero, "ine dzulo makutu anga anadzaza mphepo ya pamsewu. Sindinamve kanthu. Ukangowauza a kingi kuti unadya nsomba yogona kwa amalume ako."

"Kwa ine?" ndinakuwa. "Nsomba yogona m'nyumba ya Harrison? Mwana iwe, nsomba zanga zimafika ku Songea zikuphethira!"

Isaya anaseka atagwira pamimba. Kenako kuseka kunatha.

"Amalume, tidzere kwa bambo Castory."

"Lamulo lija ukulikumbukira?"

"Ndikulikumbukira. Koma mayi aja aona kuti mu mgolo mwachepa. Awakalipira ana a pakhomo, chonsecho wadya ndine."

Paschal anataya khoko la nthochi. "Mmalawi uyu poizoni wamulowa m'mutu," anatero. Koma analiza njinga yake n'kutitsogolera.

6. Gwira ndi manja

Tinapeza Mayi Dafrosa akusintha madzi mu mgolo womwe uja. Bambo Castory anali pampando akukonza lipenga lawo la chipanda. Isaya anagwada, anapereka shikamoo, n'kufotokoza zonse m'Chiswahili chake chothyokathyoka. Ndinafuna kumuthandiza, poti ntchitoyo ndi yanga, koma anandiletsa ndi dzanja.

Mayi Dafrosa anayamba ndi kuseka. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Chachiwisi! Ndipo unamaliza! Ine ndimati ndi ana anga akusewera nacho." Kenako nkhope inasintha. "Pole, pepa mwana wanga. Koma tamvera. Ukanagogoda pakhomo langa n'kunena kuti mayi ndili ndi njala, bwenzi nditakupatsa mbatata ndi tiyi, ndipo bwenzi utagona pabedi lako. Kupempha si ulemu wokha ayi. Mwini chinthu ndiye amadziwa ngati chafika podyedwa. Ukakhala kwa eni, funsa usanaike kanthu pakamwa, ngakhale chikuoneka ngati cha kwanu. Bwera kuno. Gwira."

Anavuula chinangwa chimodzi n'kumupatsa.

"Chikadali cholimba, eti? Chikafewa mpaka kuphwanyika ndi zala, chikatulutsa fungo lake lija, m'pamene timachitsuka n'kuchiyanika mpaka chiume gwa. Ena masiku ano amathamangira msika, amachivuula chisanafewe, n'kudwalitsa banja lonse. Chinangwa sichifuna munthu waphuma. Amayi ako ali kutali, tsidya la nyanja. Ukanafera pa mgolo wanga, ine ndikanawauza chiyani?"

"Ndalakwa, mayi."

"Walakwadi, ndipo mimba yako yakulanga kale. Ine ndilibenso mlandu nawe. Ukachira udzabwere udzandisendere, kuti chinangwa uchidziwe ndi manja, osati ndi mano."

7. Mawu a kingi

Nthawi yonseyi bambo Castory anali pantchito yawo ija. Anauzira lipenga lija, analimvetsera, n'kuliika pansi.

"Paschal, unadziwa?"

"Ine, mzee, makutu angawa..."

"Unadziwa. Ndipo unakhala chete, chonsecho ukanalankhula malo akanakhala ako. Kubisirana sindikufuna m'boma langa, koma ndaona kuti nsanje ulibe." Anatembenukira kwa Isaya. "Iwe watola cha mwini, ndipo lamulo ukulidziwa. Koma wabwera wekha ndi miyendo yako yonjenjemerayo, palibe wakugwira. Wakuba satero. M'boma sindikuchotsa."

Ndinalumpha. Ndinatsala pang'ono kuwaonetsa mganda wa ku Ntchisi pomwepo.

"Khalani kaye pansi, mzee Harrison, sindinamalize. Lamulo likangodutsa osaluma, mawa aliyense azitola. Malo akutsogolo ndamulanda. Panopa alibe mwini. Lachisanu masana awiriwa avina pamaso pa boma lonse, ndipo amene ng'oma imukonde ndiye atitsogolere ku Lipingo. Koma iwe Isaya udzayambe wadzera kwa anesi. Akadzati sunachire, pabwalo langa usadzapondepo."

Paschal anamwetulira mpaka mano onse kuonekera.

"Kaka, kamwe madzi ako amcherewo. Sindifuna kugonjetsa wodwala, anthu angamati ndathandizidwa ndi chinangwa."

Isaya anaimirira kuti amuyankhe ndi mwendo, monga amachitira ovina. Anauponya. Mwendo umene unkafika paphewa unangokwera pang'ono, bondo linagwedera, ndipo ndikanapanda kumuwakha akanagwa chagada.

Bambo Castory anauona mwendowo. Paschal anauonanso, ndipo kumwetulira kunamuthera.

Isaya anandigwira mkono mwamphamvu.

"Amalume, tiyeni kunyumba," anatero. "Phala lija mukaphike lambiri."